Mwana wanga m'manja mwa wamasiye

Ine ndine munthu wogona ndi nkhuku. Dzuwa likangofiira kumadzulo ndimayamba kuyang'ana kumene kuli mphasa, ndipo anthu akhala akundiseka nazo moyo wanga wonse. Aseke, pakamwa ndi pawo. Ine ndili ndi matenda a khunyu, ndipo ndinadziwa ndikadali mtsikana kuti tulo tikandichepera, mawa lake ndimagwa. Zimene ndikulemba pano ndi za nthawi imene ndinachezera dala ndikudziwa bwino lomwe chimene chindichitikire, chifukwa anthu ankafuna kundilanda mwana.

Makolo anga anachokera ku Katete kudzagwira ntchito pa famu ina kufupi ndi Kasisi, kunja kwa Lusaka, ndipo ine ndinakulira kumeneko. Nditayamba kugwa anayenda nane kwa asing'anga mpaka thupi lonse linadzaza mphini, koma osaphula kanthu. Amene anatithandiza anali nesi wina wachikulire wa pa kachipatala ka kufupi ndi kwathu. Anandipatsa timapiritsi toyera, n'kundiuza mosanyengerera kuti matendawa amagonja kwa munthu wosunga malamulo ake.

"Uzimwa tsiku lililonse, olo umvere bwino bwanji," anatero. "Usayembekeze kuti mankhwala asile ndiye ubwere. Uzidya, uzigona, mowa usayese."

Zina ndinaphunzira ndekha, ndi zipsera. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene sopo, shuga ndi mafuta ophikira tinkazipeza poima pa mzere kuyambira m'mawa, ndipo mankhwala nawo ankasowa. Choncho ndinkapita kukatenga ena botolo lisanafike pansi, kuti akandibweza ndikhale ndi poyambira. Pa mzere wa sopo sindinkaima ndi njala padzuwa. Ndinkamanga mbatata yophika kunsonga ya chitenje, kuika mwala pamalo panga, ine n'kukakhala pamthunzi. Azimayi ankati ndimadzimva ngati mkazi wa nduna. Ndinkangowayankha kuti mkazi wa nduna saima pa mzere wa sopo.

Mulungu anandichitira chifundo pa chinthu chimodzi chimene anzanga ambiri odwala matendawa alibe. Kwa ine amayamba aodira asanalowe. Ndimamva fungo la parafini pamene palibe nyale, kenako kanthu kozizira kamakwera kuchokera m'mimba. Zikatero ndimakhala ndi kanthawi kochepa, kongokwanira kutula chimene ndanyamula, kuchoka pamoto ndi kugona pansi chammbali.

Mwamuna amene anandikwatira anali wa ku Bundabunda, wa mtundu wa Asoli, ndipo anandifunsira akudziwa zonse, popeza anandionapo nditagwa pakhomo la tchalitchi. Titafika kwawo, chinthu choyamba chimene anachita chinali kundiumbira chitofu chadothi chofika m'chiuno, chokhala ndi kakhoma kutsogolo, kuti ngakhale nditagwa ndisagwere pamoto. Anthu a m'mudzimo ankabwera kudzachiona ngati galimoto yatsopano. Posakhalitsa makolo anga anabwerera ku Katete, ine n'kutsala ndekha pakati pa abale a mwamuna.

Apongozi anga aakazi sanali munthu woipa, ndinene zoona. Anali munthu wamantha. Anaika ana angapo m'manda akadali makanda, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse ankachiona ngati chabwera kudzawatengera wina. Iwo ankakhulupirira, monga anthu ambiri nthawi imeneyo, kuti khunyu umalitenga ku thovu la pakamwa ndi mpweya wa munthu amene wagwa. Ndiye pakhomo pawo ine ndinali ndi kapu yangayanga, yachitsulo, yothotheka kukamwa, imene ankaipachika pa msomali kuseri kwa chitseko. Ndikamwera ankaitsuka ndi phulusa atagwira ndi chitenje. Ndinawafotokozera kangapo kuti matendawa sapatsirana, kuti mwana wawo amadya nane mbale imodzi ndipo akungonenepa. Ankagwedeza mutu mwaulemu, kapu n'kubwerera pa msomali. Zinkandiwawa, ndipo masiku ena ndinkapirira ludzu mpaka kunyumba kwanga kuti ndisaione kapuyo.

Mwana wanga wamkazi atabadwa, mantha awo anakula. Ine ndinali nditakonzeka kale. Ndinkamuyamwitsa nditakhala pansi pamphasa, osati pampando. Ndinkamusambitsa pansi, m'beseni la madzi ochepa, pakhomo pali munthu. Kuchitsime sindinkapita naye, ndipo ngakhale ndekha sindinkapita popanda mnzanga wina woyandikana naye nyumba, mayi wa ku Petauke amene sankandiopa. Mbereko ndinkaimanga mwanga, mfundo yake pachifuwa, yoti ndikakoka nsonga imodzi imamasuka. Ndinayeserera kumasula ndi kutsitsa mwana ndi dzungu kumbuyo ndili ndi pakati, mwamuna wanga akufa nazo kuseka.

Zonsezi apongozi aakazi sankaziona. Iwo ankangoona mdzukulu wawo ali kumsana kwa munthu wakugwa. Anayamba kunena kuti mwana asiye bere msanga apite kwa mlamu wanga wamkulu, mwana wawo woyamba, wamkazi, amene ankakhala m'mudzi momwemo. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo amalume anga akanamva akanaseka, koma Katete ndi kutali, ndipo wokhala pafupi ndi amene amamveka. Amene ankatsekereza nkhaniyi anali apongozi aamuna. Anali munthu wosalankhulalankhula, wokonda kusema mipini pansi pa mtengo wa mango. Nkhaniyo ikayambika ankangoti, "Musiyeni. Mwana ali na amake." Ndipo inkathera pomwepo.

Apongozi aamunawo anamwalira nyengo yozizira, titangotha kukolola chimanga, mwana wanga asanayambe kukwawa. Ndinawalira kuchokera pansi pa mtima, ndipo ndisabise, ndinkadziliranso ndekha. Mwamuna wanga ananyamuka kupita ku Lusaka kukapereka uthenga wa maliro ku wailesi ndi kukatenga abale, ndipo masiku amenewo kupeza galimoto kunali kwa mwayi. Maliro anayenera kudikira.

Aliyense akudziwa mwambo wa pamaliro. Amuna amagona panja mozungulira moto, akazi m'nyumba ya siwa, ndipo kugonako ndi dzina chabe, chifukwa nyimbo sizileka ndipo aliyense wofika amayambitsa kulira kwatsopano. Munthu ukhoza kulephera kubweretsa ufa kapena nkhuku, anthu amamvetsa. Koma kulephera kugona pamaliro, makamaka a apongozi ako, ndiye kuti wadzichotsa wekha pa mtundu. Ine ndinachita zimene ndinkachita pa maliro ena onse. Ndinkagwira ntchito usana wonse, kutunga, kukonola, kutsuka mbale, dzuwa likapendeka n'kupita kwanga kukamwa mankhwala ndi kugona, m'mawa n'kulawirira ndi mtolo wa nkhuni. Pa maliro a anthu ena ankangonong'ona. Pa awa sanathe kupirira.

Mlamu wanga wamkulu anandipeza kuseri kwa nkhokwe ndikusankha nyemba, azimayi ena ali pomwepo.

"Mulamu, kunyumba kwanu kuli bedi ya bwanji kansi? Ise tonse tigona pansi, imwe muyenda."

"Mudziwa chifukwa chake, mulamu. Nikapanda kugona nimagwa."

"Manje ngati mukangiwa kugona usiku umodzi pamaliro ya atate, mwana muzamusunga bwanji? Anthu akamba. Tikaika maliro tizakhala pansi. Mwana azabwera kwa ine, amai anakamba kale."

Ndinali ndi mawu okwanira kumuvula pamaso pa anthu, ndipo amene amandidziwa akudziwa kuti pakamwa panga si pochedwa. Koma ndinaona kuti ndatsekeredwa uku ndi uku. Ndikapita kukagona, adzati ndine wonyada, wosalemekeza maliro, ndipo abale pokhala pansi kukamba za mwanayo sipadzapezeka wondiikira kumbuyo. Ndikachezera, ndidzagwa pamaso pawo, adzati mwaona. Ndinasankha nyemba zija mpaka kutha ndikuganiza. Kugwa ndinkakudziwa, ndinali ndi njira zokulandirira. Mawu a anthu ndinalibe nawo mankhwala. Ndinaganiza zochezera.

Ndinakonzekera ngati wopita paulendo. Masana ndinayesa kugona pang'ono kwa mnzanga wa ku Petauke, koma tulo sitibwera chifukwa chotiitana. Ndinadya mpaka kukhuta, ndinamwa mankhwala nthawi yake, ndinavula mikanda ya m'khosi, n'kumanga mwana ndi mfundo yanga ija. Mnzangayo ndinamuuza kuti m'mawa asatalikire. Polowa m'nyumba ya siwa ndinayang'ana kumene kunali mbaula, ine n'kufuna malo akutali nayo, opanda mipando kapena miphika. Malo otero analipo amodzi okha, pakona pamene panakhala apongozi aakazi.

Panali malo chifukwa panalibe wofuna kukhala nawo pafupi. Kwa apongozi anga, mkazi amene mwamuna wake wamwalira amati akadali ndi mthunzi wa malemuyo mpaka abale a mwamuna adzamusambitse. Amakhala pansi pa thumba, satuluka mwachisawawa, sapatsa munthu moni wa m'manja, amadyera m'mbale yakeyake, ndipo koposa zonse sagwira mwana wakhanda, poopa kuti mwanayo angadwale. Mayi amene masiku onse ankalamula pakhomopo anali atakhala yekha, mpango utagwera kumaso, anthu akumulambalala. Ndipo pambali pawo ndinaona kapu yanga yothotheka ija. Ana awo, posafuna kuwononga kapu yabwino imene adzayenera kuitaya pambuyo pake, anatsitsa ya pa msomali. Madzi anali odzaza mpaka kukamwa. Milomo ya apongozi inali itauma mpaka kung'ambika, koma sanaikhudze.

Ndinaganiza kuti ndikondwera, koma ayi. Ndinamva chisoni, chifukwa ndinkadziwa kulemera kwa kukhala munthu amene anzake akumutsukira ndi phulusa. Ndinakhala pansi pafupi nawo.

Ndinaimba nawo nyimbo zonse mpaka kunja kunayera. M'mawa mutu unali wolemera, maso akuyabwa. Panja amuna anayamba kukhoma bokosi, ndipo azimayi ambiri anali akadali m'nyumba, ena akupinda zofunda, mlamu wanga akugawa ntchito pakhomo. Mnzanga uja anali atamutuma kuchitsime. Ndinkati ndingoyamwitsa mwana ndituluke ndikagone pang'ono. Ndipamene ndinamva parafini.

Ndinakoka nsonga ya mbereko, mwana n'kutsetserekera m'manja mwanga. Ndinamutambasulira kwa azimayi aja.

"Yabwera. Nigwirireni mwana."

Onse anadziwa chimene ndikunena. Sindinaonepo nyumba ikukhuthuka msanga chotero. Anatseka pakamwa ndi pamphuno ndi zitenje, kukankhana pakhomo, wina kugwetsa mbale, wina kusiya nsapato. Mlamu wanga, amene dzulo lake ankafuna mwanayo, anali woyamba kufika pabwalo. Kanthu kozizira kaja kanali katafika pachifuwa. Ndikanatha kumuika mwana pansi, koma m'chipindamo munali mopanikiza, ndipo ndikagwa miyendo ndi manja zimaponyedwa popanda ine kudziwa. Munatsala munthu mmodzi yekha, amene mwambo sunkamulola kuthawa.

"Amai, gwirani."

Anabweza manja kumbuyo. "Siniloledwa. Nizamudwalitsa."

"Kulibe wina, amai. Gwirani, musendere uko. Nikasiya kugwedezeka munigoneke chammbali. Musaike kanthu mukamwa mwanga."

Ndinamuika mwana pamiyendo pawo, ndinadzikokera pakati pa chipinda, ndinapinda mbereko n'kuika kumutu, ndinagona. Zimene ndikukumbuka zikuthera pamenepo.

Zotsatira anandiuza mnzanga wa ku Petauke, amene anafika ndi ndowa pamutu n'kupeza anthu atadzaza pabwalo akusuzumira pakhomo. Akuti wina anakuwa kuti abweretse supuni andiike m'kamwa ndingadzilume lilime, wina akuti andithire madzi. Apongozi anawakalipira ndi mawu amene palibe anayembekeza kwa wamasiye. Anati mwini wake wakana, ndipo amene akufuna kuika supuni alowe adzaike yekha. Panalibe analowa. Anakhala atafungatira mwana ndi dzanja limodzi, akundiyang'ana mpaka kugwedezeka kunaleka. Kenako anakwawa ndi maondo, anandikankha paphewa kundigoneka bwino chammbali, anandikokera chitenje kumiyendo kuti ndisaoneke, n'kundipukuta thovu pakamwa ndi nsonga ya mpango wawo. Mnzangayo akuti atalowa kuti athandize anapeza ntchito yatha kale.

Ndikatsitsimuka sindidziwa msanga kumene ndili. Ndinamva kulira kwa mwana kutali, kenako pafupi. Ndinaona denga la udzu, ndinaona nkhope ya apongozi. Thupi lonse linali lophwanyika, ndipo manyazi anandigwira, monga amachitira nthawi zonse. Pakhomo panaima mlamu wanga, chitenje chikadali pamphuno.

"Mwaona manje, amai? Ni vamene tinali kukamba. Mwana angafe so. Mupaseni kuno."

Apongozi anamutambasulira mwanayo pang'ono. "Bwera umutenge."

Mlamu sanasunthe. Kuti amutenge anayenera kudutsa pamene ndinagona ine, n'kumulandira kuchokera m'manja mwa wamasiye wosasambitsidwa. Anayang'ana ine, anayang'ana amayi ake, phazi lake linakana kuwoloka pakhomo.

"Anakupasa iwe poyamba," anatero apongozi. "Unathawa. Uyu anadziwa kuti yabwera, anamasula mwana, anasakila munthu, anagona yekha pansi. Mwana sanagunde olo pang'ono. Ine n'naona na maso yanga. Ndise tinamugwetsa, kumuletsa tulo."

Panja nyundo zinali zitaleka. Mnzanga anandithandiza kukhala tsonga n'kutsamira khoma. Kukhosi kunali kouma, ndipo apongozi anaona ndikumeza malovu. Anatenga kapu yothotheka ija n'kundigwirizira pakamwa. Nditamwa, anaiyang'ana kanthawi. Kenako anamwa madzi otsalawo mpaka kutha, ndipo anapempha mnzanga kuti awonjezere ena.

Mwana anali akulirabe. Sindinamulandire msanga, chifukwa ndikangodzuka manja amakhala opanda mphamvu, ndipo ndinawauza choncho. Anamugwirizira iwo pachifuwa panga mpaka anayamwa n'kugona. Mutu wanga utayera, anatola mbereko pansi, anaikutumula, n'kuiyang'ana uku ndi uku.

"Nionetseni mwamene mumangira," anatero.

Ndinawaonetsa. Anakoka nsonga, mfundo inamasuka. Anamanganso okha, anakokanso. Kenako anamuika mwana kumsana kwanga ndi manja awo, ine n'kumanga.

Mwamuna wanga anafika ndi abale pa lole dzuwa lili pamutu, ndipo maliro anaika masana omwewo. Ine kumanda sindinapite, ndinagona kwa mnzanga. Azakhali ena a mwamuna wanga atamva kuti wamasiye wagwira khanda anakwiya kwambiri, anati mwanayo asambitsidwe ndi masamba. Ndinalola, madzi a masamba sapha munthu. Mwanayo sanadwale, ndipo lero ndi mayi wa ana ake. Apongozi nawo sanagwepo khunyu mpaka tsiku limene tinawaika pafupi ndi amuna awo.

Maliro akaikidwa anthu samwazikana tsiku lomwelo, abale amagonanso pa siwa kudikira kukhala pansi. Madzulo ake ndinabwerera kukatsuka mbale, ndipo mtima unali m'mwamba, chifukwa sindinkadziwa ngati zimene apongozi ananena m'mawa zidzaimabe pamaso pa abale onse a ku Lusaka. Dzuwa linayamba kufiira. Azimayi anayamba kuyala zofunda, mlamu wanga akundiyang'ana chammbali kuti aone ngati ndilowe kapena ndichoke. Ndinaima pakhomo ndi mwana kumsana, osadziwa kolowera.

Mawu anachokera pakona paja, okweza kuti ndi amuna a panja omwe amve.

"Amake mwana, dzuwa yangena. Yendani mukamwe mankhwala, mukagone. Mwana muyende naye, ni wanu. Wamene ali na mau abwere akambe na ine."

Panalibe amene anapita kukakamba nawo, tsiku limenelo kapena pokhala pansi. Ndinagwada pakhomo, ndinawomba m'manja, ndinanyamuka. Njira yonse ndinkalira, mwana akundikoka mpango kumbuyo, ndipo ndinafika kunyumba nkhuku zikulowa.